"Thrift": liwu la Chingerezi lofika kubanki, kukhola ndi pa kaunjika

Amene amakonda kuyendera malonda a pa Facebook, Instagram kapena m'magulu a WhatsApp adalionapo liwu ili. Wina wapachika madiresi atatu pakhoma, wawajambula bwino, pansi n'kulemba kuti "thrift dresses", mtengo wake wakutiwakuti. Ambiri tidangoti basi, ili ndi dzina lachizungu la kaunjika, lokondedwa ndi anthu amene safuna kunena poyera kuti chovalacho chidakhalapo pathupi pa wina. Sitidaphonye kwenikweni, koma tamva mbali imodzi yokha. Liwu la "thrift" lakhala m'Chingerezi zaka pafupifupi 700, ndipo nkhani ya zovala yalowamo mochedwa. Limapezeka m'mabuku a zachuma, m'malamulo a mabanki ku America, pakamwa pa madokotala a ziweto, ngakhalenso m'dzina la duwa lina lomera m'mbali mwa nyanja.

## Katchulidwe kaye

"Th" wa m'liwuli si uja wa "thumba" kapena "thobwa". Nsonga ya lilime imatulukira pang'ono pakati pa mano, mpweya n'kumadutsa, monga potchula "think" kapena "three". Liwu lonselo ndi phatikizo limodzi. Pakamwa pathu limakonda kutuluka ngati "thirifiti", ndipo pamsika palibe amene angakuimbeni mlandu.

## Kale linkatanthauza kutukuka

Angerezi adalitenga liwuli kwa ma Viking, anthu a ku Scandinavia amene adaukira n'kukhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England m'zaka za m'ma 800. Mzinda wa York adaulanda mu 866, ndipo mawu awo ambiri adatsalira m'Chingerezi. M'chilankhulo chawo, chomwe akatswiri amachitcha Old Norse, liwuli linkanena za kukhala bwino, kulemera, zinthu kuyenda. Ndi m'bale wake wa mneni "thrive", amene mpaka lero amanena za mwana wokula ndi thanzi, mbewu yochita bwino m'munda, kapena bizinesi yoyenda.

Choncho cha m'ma 1300, Mngerezi akatchula "thrift" ya mnzake ankanena za chuma chake ndi kutukuka kwa pakhomo pake. Tanthauzo la kusamala ndalama lidadza m'zaka za m'ma 1500. Mmene lidasinthira n'zosavuta kumvetsa. Anthu ankaona kuti khomo lotukuka nthawi zambiri limakhala lija losataya zinthu, ndiye dzina lidachoka pa kutukukako n'kukhala pa khalidwe lokubweretsa.

Mbiri imeneyi ikadali ndi mphamvu pa liwuli. Munthu amene ana ake akuwonda, mkazi wake akuvala nsanza, iye ndalama zili m'thumba la pulasitiki pansi pa matiresi, Mngerezi sangamutche "thrifty". Payenera kuoneka kuti kusamalako kukupindulitsa banja.

## Tanthauzo lalikulu lero

Mukatsegula mtanthauziramawu, choyamba chimene mupeze n'chakuti "thrift" ndi khalidwe logwiritsa ntchito ndalama ndi zinthu mosamala, osawononga. Khalidwelo timalidziwa bwino, ngakhale ife sitilitchula ndi liwu limodzi. Ndi mayi uja amene akagula mtanda wa sopo amaudula zidutswa n'kuziumitsa kaye kuti zisasungunuke msanga. Chimanga amagula mu Meyi anthu atangokolola, sadikira Januwale mtengo utakwera. Nsima yotsala usiku sapatsa agalu, ana amadya mkute m'mawa asanapite kusukulu. Thumba la feteleza likatha ntchito amalichapa, alisoka ndi ena, likhala choyanikapo ufa. Yunifolomu ya wamkulu aipinda m'munsi kuti imkwane wamng'ono. Koma mlendo akafika pakhomopo nkhuku imaphedwa ndithu, ndipo fizi ikafunika sathamangira kwa akatapira.

Pa kagwiritsidwe ntchito, "thrift" ndi dzina losawerengeka likamanena za khalidwe. Simunganene kuti "a thrift" kapena "thrifts" pofotokoza za mayiyu. Mfotokozi wake ndi "thrifty", ndipo ndiye amamveka kwambiri pocheza kuposa dzinalo: "My aunt is very thrifty." Mukafuna kutchula chimene munthuyo amasamala, mumaika "with". "He is thrifty with electricity" ndi bambo uja amene amayenda m'zipinda kuzimitsa magetsi kuti mayunitsi afike kumapeto kwa mwezi. Si za ndalama zokha ayi, munthu akhoza kukhala "thrifty" ndi madzi, mafuta a galimoto, ngakhale mawu. Muonjezi wake, "thriftily", ulipo koma sumvekamveka.

## Malire pakati pa kusamala ndi kuumira

Apa ndi pamene ophunzira Chingerezi amafunika kuchenjera, chifukwa mawu oyandikana ndi "thrifty" ndi ambiri, ena oyamikira, ena otukwana.

Woyandikira kwambiri ndi "frugal", lochokera ku Chilatini, ku mawu okhudza zipatso ndi zokolola. Nthawi zambiri awiriwa amasinthanitsika, koma kulemera kwawo n'kosiyana. "Frugal" imatsamira pa moyo wosalira zambiri: munthu wodya pang'ono, wovala zomwezo, wosasamala za fashoni. "Thrifty" imatsamira pa luso loyendetsa zimene uli nazo. "A frugal meal" ndi chakudya chochepa, mwina nsima ya masamba otendera basi. "A thrifty meal" chikhoza kukhala chambiri ndi chokoma, kungoti wophikayo wachikonza mwanzeru ndi ndalama zochepa.

"Economical" imakonda zinthu kuposa anthu. Galimoto yosamwa mafuta kapena mbaula yosatha makala ndi "economical". Mukamva wandale akunenedwa kuti ndi "economical with the truth", sakumuyamikira, akuti akubisa zoona mwaulemu.

Tsidya linalo kuli "stingy", "tight-fisted" ndi dzina lakuti "miser". Awa ndi aja ife timati woumira, wouma manja, waumbombo. Ku America amanenanso kuti munthu ndi "cheap", ndipo n'chipongwe ndithu, ngakhale liwu lomwelo likanenedwa pa katundu limangotanthauza wotchipa. Njira yosavuta yosiyanitsira ndi kufunsa kuti akuvutika ndani. Munthu "thrifty" amadziletsa yekha pa zosafunika. Munthu "stingy" amamana ena pa zofunika: salipira wantchito wake panthawi yake, pamaliro amabisala mbale ya chipepeso ikamadutsa, koma pamowa wogula ena amakhala kutsogolo.

Komabe liwu loyamikira likhoza kunenedwa monyodola, ndipo Angerezi ndi akatswiri pa zimenezi. Mu sewero la Hamlet la William Shakespeare, Hamlet mwiniyo amagwiritsa ntchito liwu lomweli ponyoza kuti mayi ake adakwatiwanso msanga kwambiri, moti chakudya chophikidwira maliro a bambo ake chidakwaniranso paphwando la ukwati. Ndiye wina akakuuzani kuti ndinu "thrifty" akumwetulira cham'mbali, onani kaye ngati simudaiwale kulipira gawo lanu la bilu.

## Msampha wa "spendthrift"

Ophunzira ambiri amakodwa pamenepa. Aona "thrift" kumapeto, aganiza kuti "spendthrift" ndi munthu wogula mosamala. N'zosiyana kotheratu. "Spendthrift" ndi wosakaza chuma, uja amalandira ndalama za fodya n'kutha nazo pasanathe mwezi. Liwuli lidapangidwa cha m'ma 1600, tanthauzo lakale la chuma likadali moyo, ndiye limanena za munthu womwaza chuma chimene chidasonkhanitsidwa. Mwana wolowerera wa mu Luka 15 ndiye chitsanzo chake chodziwika. M'malamulo a ku America mulinso "spendthrift trust", dongosolo limene kholo limasiya chuma m'manja mwa woyang'anira kuti azipatsa mwana pang'onopang'ono, mwanayo asathe kuchigulitsa kapena kuchipereka chikole kwa omukongoza.

## Kuchoka mu "thrift store" kufika m'belo

Ku America, sitolo yogulitsa zovala ndi katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, kawirikawiri zoperekedwa ndi anthu mwaulere, imatchedwa "thrift store" kapena "thrift shop". Ku Britain amati "charity shop", ku Australia ndi New Zealand amati "op shop". Limodzi mwa mabungwe akale pa ntchitoyi ndi Goodwill, limene lidayamba ku Boston mu 1902. M'busa wa mpingo wa Methodist, Edgar Helms, ankatolera zovala ndi katundu wotha m'madera a anthu olemera, n'kulemba ntchito anthu osauka kuti azizikonza, ndipo ndalama zogulitsira zinkalipira okonzawo. A Salvation Army ankachitanso zofanana. Ku Britain, bungwe la Oxfam lidatsegula sitolo yake yoyamba yokhazikika mumsewu wa Broad Street ku Oxford chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940.

Dzina lakuti "thrift" lidagwira ntchito yaikulu pamenepa. Wogula chovala chakale akadatha kuoneka wosauka, koma pansi pa chikwangwani chimenechi ankaoneka wanzeru, wodziwa kusamala. Ogulitsa athu a pa intaneti akudya za nzeru yomweyo.

Kuchokera kusitolozi padabadwa mneni watsopano, womveka pocheza osati m'kalata ya ku ofesi. "I thrifted this jacket" ndiye kuti jekete iyi ndidaigula kwa ogulitsa zovalidwa kale. "Thrifting" ndi kuyendayenda kusakasaka zotere. Nyimbo ya "Thrift Shop" ya Macklemore ndi Ryan Lewis, yotuluka mu 2012, idafika pa nambala 1 ku America chaka chotsatira, ndipo achinyamata ambiri adayamba kunyadira zimene makolo awo ankabisa. Lero pa TikTok ndi YouTube padzaza makanema otchedwa "thrift haul": mtsikana akhuthula chikwama pabedi, malaya 20, masiketi 10, n'kumaonetsa chimodzichimodzi ndi mtengo wake. Kunena mosabisa, apa liwuli lasochera. Kugula malaya 20 osafunika chifukwa chakuti n'otchipa ndi kusakaza komweko, kwangosintha sitolo.

Nkhaniyi imatikhudza chifukwa sitolo zimenezi zimalandira zovala zambiri kuposa zimene zingagulitse. Zotsala zimagulitsidwa kumakampani amene amazisankha m'magulu, kuzipanikiza ndi makina m'mabelo, ambiri a makilogalamu 45, n'kuzikweza sitima zapamadzi. Zikafika kuno ndi kaunjika. Ku Zambia amati salaula, ku Mozambique calamidade, ku Kenya ndi Tanzania mitumba, ku Nigeria okrika.

Amene adaonapo belo likutsegulidwa pamsika m'mamawa amadziwa mmene zimakhalira. Mwini wake adula zomangira, belo lifufuma, fungo lake lija lituluka, ndipo anthu amene akhala akudikira agwada pansi manja ali m'kati. Mwini beloyo mtima uli m'mwamba, chifukwa adalipira asanaone za m'kati, ndipo theka likakhala majekete okhuthala a m'chisanu cha ku Canada mu Okutobala waluza. Oyamba kusankha amatenga zabwino zokhazokha pamtengo wokwera. Ena mwa iwo ndi aja amakazichapa, kuzisita, kuzijambula pakhoma loyera n'kuzitcha "thrift", mtengo utawirikiza kawiri kapena katatu. Zotsala zimaunjikidwa pansi, mnyamata n'kumafuula mtengo umodzi mpaka dzuwa kupendeka. Diresi ndi ya m'belo lomwelo, chasintha ndi sopo, simbi ndi dzina. Palibe chinyengo pamenepo, ndi ntchito imene munthu wagwira, koma wogula azidziwa chimene akulipirira.

Malondawa ali ndi ndale zake. Mu 2016 maiko a East African Community adagwirizana zochepetsa mpaka kuletsa zovala zoterezi kuti ateteze mafakitale awo. America itaopseza, ena adabwerera m'mbuyo. Rwanda idaumirira pa msonkho wake wokwera, ndipo mu 2018 idalandidwa mwayi wotumiza zovala zake ku America mopanda msonkho pansi pa dongosolo la AGOA.

## Pamene "thrift" ndi banki

Tanena kuti simunganene "a thrift" pofotokoza khalidwe. Koma m'nyuzipepala za zachuma za ku America mudzaona "a thrift" ndi "thrifts", ndipo pamenepo akunena za mabungwe osungitsa ndalama ndi kukongoza anthu ogula nyumba, amene dzina lawo lina ndi "savings and loan associations". Ku Britain ofanana nawo ndi "building societies". Loyamba ku America lidakhazikitsidwa mu 1831 ku Frankford, m'chigawo cha Pennsylvania.

Mbiri yawo ndi yoseketsa komanso yomvetsa chisoni. Ankakongoza ndalama za nyumba kwa zaka zambiri pa chiwongoladzanja chotsika, chosasintha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 chiwongoladzanja chidakwera kwambiri m'dzikomo, iwo n'kuyamba kulipira osungitsa zambiri kuposa zimene ankalandira kwa okongola. Boma lidafewetsa malamulo mu 1980 ndi 1982, ndipo ambiri adalowa m'malonda angozi, ena adaba kumene. Pakati pa 1986 ndi 1995 mabungwe oposa 1,000 adagwa, olipira msonkho n'kusenza madola oposa 100 biliyoni. Mabungwe okhala ndi dzina la kusamala ndiwo adasakaza choncho. Mu 1989 boma lidakhazikitsa Office of Thrift Supervision kuti iziwayang'anira, ofesi imene idathetsedwa mu 2011. Dzinali likadalipo pa Thrift Savings Plan, thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma la America lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1986.

Mnzanu wa ku Nigeria akati akuchita "thrift", iye sakunena za banki kapena zovala. Akunena zosonkherana ndalama, zimene kwawo amati ajo kapena esusu, zofanana ndi chipereganyu chathu, chilimba cha ku Zambia kapena stokvel ya ku South Africa. Kumeneko kulinso munthu wotchedwa "thrift collector", amene amazungulira pamsika tsiku ndi tsiku kutolera kangachepe kwa ogulitsa, kulemba pa khadi, ndipo mwezi ukatha amabweza zonse kupatula za tsiku limodzi, zomwe ndi malipiro ake.

## Duwa, nkhosa ndi matenda a shuga

Pali duwa lofiirira lomera m'matanthwe a m'mbali mwa nyanja ku Britain, limene asayansi amalitcha Armeria maritima, koma anthu wamba amangoti "thrift". Kuyambira 1937 mpaka 1952 chithunzi chake chinali kuseri kwa ndalama ya mkuwa ya mapeni atatu, ya ngodya 12. Kunali kusewera ndi mawu: kandalama kakang'ono kokumbutsa anthu kusunga.

Kwa alimi a ziweto ndi madokotala awo, tanthauzo lakale lija silidafe. Mwana wa nkhosa kapena wa ng'ombe akamadya koma osakula, ubweya utanyankhalala, amati ali ndi "ill thrift" kapena ndi "unthrifty". Nthawi zambiri vuto limakhala njoka za m'mimba kapena kusowa kwa michere ina monga cobalt ndi selenium m'msipu. Nkhosa "thrifty" si yodziwa kusunga ndalama, ndi yonenepa bwino.

Achipatala nawo ali ndi "thrifty gene". Mu 1962 katswiri wa zachibadwa James Neel adapereka ganizo lakuti matupi a anthu amene makolo awo ankakumana ndi njala pafupipafupi adazolowera kusunga mafuta, ndipo chakudya chikachuluka zomwezo zimadzetsa kunenepa ndi matenda a shuga. Ganizoli asayansi akutsutsanabe nalo, koma dzinalo lidakhazikika.

## Ulaliki wa kusunga, ndi amene adautsutsa

M'zaka za m'ma 1800 "thrift" idasanduka chiphunzitso. Mu 1810 m'busa Henry Duncan adatsegula banki yosungitsa ndalama za anthu osauka m'mudzi wa Ruthwell ku Scotland, pamene mabanki akuluakulu sankalandira timakobidi ta anthu wamba. Samuel Smiles, wa ku Scotland komweko, adatulutsa buku lathunthu lotchedwa Thrift mu 1875. Robert Baden-Powell adaika khalidweli m'malamulo a ma Scout mu 1908. Ku America, kuyambira 1916, kunkakhala sabata yolimbikitsa kusunga yoyamba pa 17 Januwale, tsiku lobadwa Benjamin Franklin. Ndipo mu 1924 msonkhano wa mabanki osungitsa ndalama ku Milan udasankha 31 Okutobala kukhala World Thrift Day, tsiku limene lero ambiri amalitcha World Savings Day.

Zambiri mwa izi zidathandiza anthu, makamaka mabanki a anthu osauka aja. Koma ulalikiwo unali ndi mbali yowawa. Unkalunjika kwa osauka, ndipo unkapangitsa umphawi kuoneka ngati kulephera kwa munthu payekha, pamene malipiro a m'mafakitale ndi m'migodi anali osakwana n'komwe. Kuti usamale payenera kukhala chosamala. Wolandira malipiro otha pa lendi ndi ufa mukamuphunzitsa za bajeti, amakumverani mwaulemu chabe.

Katswiri wa zachuma John Maynard Keynes adabwera ndi chitsutso china, chimene chimadziwika kuti "paradox of thrift". Mfundoyi inalipo kale, koma buku lake la 1936, lolembedwa dziko lili m'mavuto aakulu a zachuma oyamba mu 1929, ndilo lidaitchukitsa. Ndalama imene mwagulira chinthu ndi malipiro a munthu wina. Banja limodzi likachepetsa kugula, limasunga. Koma dziko lonse likachepetsa kugula nthawi imodzi, masitolo sagulitsa, mafakitale amachotsa antchito, ochotsedwawo amadya zimene adasunga, ndipo pamapeto ndalama zosungidwa m'dziko lonse mwina sizikwera n'komwe. Choncho mukamva nduna ikuuza dziko kuti limange lamba ngati mmene limachitira banja, dziwani kuti akatswiri ambiri a zachuma savomereza kuti dziko ndi banja zimayenda mofanana.

## Kusunga ndi kusamala si chimodzi

Chomaliza chofunika kuchisiyanitsa ndi "thrift" ndi "saving". "Saving" ndi kuika ndalama pambali. "Thrift" ndi kuyendetsa zimene uli nazo kuti zikupindulire, ndipo nthawi zina kuyendetsa bwino ndiko kugula lero. Kumene ndalama ikutha mphamvu, kusiyanaku kumaoneka msanga. Mu Meyi 2022 kwacha ya Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi feteleza idatsatira.

Anthu akumudzi izi adazidziwa kale popanda buku la zachuma. Wofuna kumanga amagula malata awiriawiri n'kumaimika m'chipinda, wina amagula mbuzi, wina amaika kubanki m'khonde kuti ndalama izizungulira. Tiyerekeze anthu awiri anali ndi ndalama zofanana za malata mu Okutobala 2023, wina adagula, wina adazimanga m'kansalu n'kubisa. Onsewo Mngerezi akhoza kuwatcha osawononga, koma pamayeso mukafunsidwa amene ali "thrifty" pa awiriwa, lembani wogula malatayo.